Waya Wodutsa Kuchipinda kwa Apongozi

Amene simunamve chiyambi chake khalani pansi ndikuuzeni, chifukwa pa Nsipe pano nkhaniyi yafika mpaka kwa azimayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo iwo akuinena mokhotakhota.

Maness ndi mwana wa a Ndau, aja ali ndi shopu ya makompyuta pafupi ndi siteji, kumene aphunzitsi amakasindikizitsa mayeso ndipo ana a sukulu amakafufuza zinthu pa intaneti. Maness ndiye amakhala pakauntala. Ndi mtsikana wosayankhulayankhula, wa mano a mpata, amene akamaseka amabisa pakamwa ndi dzanja.

Cedric ndi mmisiri wa mawaya a intaneti. Kwawo ndi ku Kasinje, kuchigwa kuja amalima mpunga, koma amachita lendi konkuno. Chaka chatha a Ndau anamulemba ganyu yokoka waya kuchokera pa mlongoti uli pachulu kuseri kwa nyumba yawo, pamene netiweki imagwira bwino, kukafika kushopu imene ili kumaso kwa nyumbayo. A Ndau ankafuna wayayo azungulire kunja kwa mpanda, koma Cedric anakana. Anati njira imeneyo ndi yaitali, ndipo waya wa intaneti akatalika kwambiri mphamvu imafika kumapeto itatheratu. Ndiye anamudutsitsa m'nyumba momwemo, pamwamba pa zipupa, m'munsi mwa malata, kuyambira kuchipinda kwa eni nyumba, kudutsa pabalaza, mpaka kushopu.

Mawu amenewo muwasunge: kuchipinda kwa eni nyumba. Nthawi imeneyo Cedric anali waganyu chabe. Analowa ndi makwerero ake, ndipo a Nangozo, mayi ake a Maness, anamugwirira okha tochi. Maness anamubweretsera thobwa. Kaya m'thobwa mujamo munali chiyani, koma pofika mwezi wa Epulo mnyamata anali atapereka chikole, ndipo Loweruka likubwerali ankhoswe ake amayenera kufika kudzapangana tsiku la chinkhoswe.

Ndiye waya uja n'kuyamba misala.

* * *

Zinayamba pang'onopang'ono. Munthu amatsegula tsamba la pa intaneti, kupita kukagula chipisi, kudya, kusamba m'manja, kubwerako, tsamba lija likadali kuzungulira. Kenako intaneti inayamba kuthawiratu. Timagetsi ta pakabokosi ka kushopu, timene timayenera kuphethira mobiriwira, timangoti phethi kamodzi, basi zii.

Aphunzitsi anayamba kukwera minibasi kukasindikizitsa ku boma. A Ndau anayamba kuyenda m'shopu manja ali kumbuyo, ndipo aliyense pa Nsipe amadziwa kuti a Ndau akaika manja kumbuyo, nkhuku zomwe zimasamuka pabwalo.

Cedric, mwana wa eni ake, anayesetsa, tisanamizane. Anadula timitu ta kumapeto kwa waya n'kuikapo tatsopano, ati mwina takale tachita dzimbiri. Anabweretsa kabokosi kena kobwereka, ati mwina kakaleko katopa. Anakwera pa mlongoti chiperoni chikuwaza, kukaona ngati madzi alowa polumikizira. Anasuntha wayayo pamene anayandikana ndi nthambo za magetsi, ati awiriwa sagwirizana, ali ngati akazi a mitala. Anayang'ananso ngati makoswe alumapo, poti pabalaza a Ndau anaunjikapo matumba a kachewere.

Koma chodabwitsa n'chakuti iye akangofika n'kuimika njinga yake yamoto panja, intaneti imathamanga ngati yaba. Akalumikiza kachipangizo kake koyesera, timagetsi tonse timayaka mondondozana bwinobwino. Akangochoka, fumbi la njinga lisanakhazikike n'komwe, basi yafanso.

"Waya ameneyu amakukonda kuposa ine," Maness anatero Lachiwiri, akuyesa kuseka.

Cedric sanaseke. Anali atakhala pansi kuseri kwa kauntala, maso ali psuu, zipangizo zake zili mbwee.

"Dzulo ndinakutumizira mauthenga tsiku lonse. Sunayankhe ngakhale umodzi."

"Ndiyankha ndi chiyani? Foni yanga imadalira waya wakoyu. Alowa onse lero m'mawa utangofika, nthawi imodzi, ngati mbuzi zolowa m'khola."

"Koma ndamva kuti wina anakugulira mayunitsi."

"Wamva kwa ndani?"

"Pa Nsipe pali chinsinsi?"

"Anagula yekha, sindinamutume. Kakhadi kake kali apo pa shelefu, kosakala. Ukafuna tenga."

Wina ameneyo ndi Duncan, uja wa shopu ya mafoni kutsidya kwa msewu. Anapitako ku Joni, n'kubwerako ndi jekete lachikopa limene savula ngakhale dzuwa lili paliwombo. Wakhala akumufuna Maness kuyambira ali ku pulayimale, ndipo chikole cha mnzake iye amangochiona ngati nthabwala. Ndipo ngati anamva kuti akunenedwa, nthawi yomweyo anatulukira pakhomo akuzungulitsa makiyi pachala.

"Injiniya! Mukadali pompano? Ine ndimayesa ntchito imeneyi munamaliza chaka chatha."

"Tikuyesetsa, achimwene," Cedric anayankha osadzutsa mutu.

"Yesetsani ndithu. Ku Joni waya ngati ameneyu timayanikapo zovala." Kenako anatsamira pakauntala, maso ali pa Maness. "A Nandau, mwaswera? Mwaonda ndithu. Kapena ndi maganizo?"

"Ndaswera. Mukufuna fotokope?"

"Ndikufuna zambiri ine."

A Ndau analowa nthawi imeneyo. Anayang'ana timagetsi tija tikuphethira, anayang'ana Cedric, n'kupukusa mutu.

"A Cedric, lero ikuyenda chifukwa muli pano. Kodi ndikumangireni kachipinda m'shopu muno? Loweruka kukubwera alendo anu. Ine ndiwalandira ndi nkhope yanji, anthu akundiseka kuti mkamwini wandikokera chingwe cha mbuzi?"

Duncan anaseka mpaka kugwira m'mimba. Maness anatembenukira kumakina a fotokope, ngakhale munalibe pepala.

* * *

A Nangozo amasoka pakhonde la kuseri ndi makina awo opalasa. Sabata imeneyo ankasoka diresi la chinkhoswe la Maness, la nsalu yobiriwira ngati masamba a mpiru. Lachitatu madzulo anamuitana kuti adzayese. Kunja kunali kozizira, nkhungu itatsika kuchokera kumapiri mpaka mlongoti wa pachulu osaoneka.

"Tembenuka. Kweza manja." Anatsina nsalu m'chiuno n'kuigwira ndi singano ya pamanja. "Waonda iwe."

"Ndi chisanu, amayi."

"Chisanu sichiondetsa munthu. Ukakaonda chonchi ku Kasinje adzakuona ndani?"

Apa ndinene za Thokozile, ngakhale pakhomo paja dzinali salitchula. Thokozile anali mkulu wake wa Maness. Nayenso anakwatiwa kuchigwa, anamutenga chitengwa. Pakati pake poyamba, matenda anamuyamba nthawi ya dzinja, mtsinje utadzaza, ngolo n'kulephera kuwoloka naye. A Nangozo uthenga unawapeza ali kumunda akupalira. Mmene ankafika kumeneko anapeza anthu ayamba kale kukumba. Chichokereni kumaliro amenewo mpunga sadya, ngakhale pa Khirisimasi.

"Cedric akuti tidzakhala konkuno kaye," Maness anatero chapansipansi.

"Kaye. Mwamuna wa mkulu wako ujanso anati kaye."

"Amayi, masiku ano misewu anakonza."

"Mtsinje anaukonzanso?"

A Nangozo anapitiriza kusoka mpendero, diresi lili m'thupi mwa mwana wawo, osamubaya ngakhale pang'ono.

"Duncan nyumba yake ndimaiona ndikaima pakhomo la kumaso. Utatsokomola ndikhoza kumva."

"Duncan sindimufuna, amayi."

"Sindinati umufune. Ndati nyumba yake ndimaiona."

Analuma ulusi wobiriwira uja ndi mano, thu, n'kumuuza kuti avule.

* * *

Lachinayi masana a Nangozo anavala bulauzi yawo yoyera n'kupita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Posakhalitsa Cedric anafika, ndipo kwa nthawi yoyamba anapeza intaneti itafa, n'kukhalabe yakufa iye ali pompo. Mukanaona mmene anasangalalira! Munthu kusangalala kuti chinthu chawonongeka, ine sindinaonepo.

"Lero ndakugwira," anatero, akutsegula chikwama. Anatulutsa kachipangizo kena kachikasu kamene anabwereka kwa mnzake ku boma.

"Aka ndiye kosiyana bwanji ndi kaja?" Maness anafunsa.

"Kaja kamangonena kuti waya ali bwino kapena sali bwino. Aka kamanena pamene pali vuto. Ukakuwa pafupi ndi phiri mawu amabwerera, eti? Akanso kamakuwa m'waya, n'kumvetsera kuti mawu abwerera ali pati. Pamene abwererapo, ndiye pamene pavulala."

Analumikiza. Kachipangizo kanalira, n'kuonetsa nambala.

"Tiwaya ta m'kati tikukhudzana penapake. Chinachake chikutigwirizanitsa. Tiye."

Kodi mumadziwa kuti pachikopa cha waya wa intaneti amalembapo manambala osonyeza kutalika? Ine sindinkadziwa. Cedric anatenga kampando, Maness anayatsa tochi ya foni, n'kuyamba kulondola wayayo kuchokera kushopu. Anadutsa kakhomo kolowera m'nyumba. Cedric amakwera pakampando, kuwerenga, kutsika, kusuntha kampando, kukweranso. Pabalaza anadutsa pamwamba pa matumba a kachewere aja. Nthawi ina anatsetsereka, Maness n'kumugwira mwendo, onse n'kuseka ngati mmene ankasekera chaka chatha.

"Tayandikira," Cedric anatero. "Tatsala pang'ono kwambiri."

Anasunthanso kampando. Anakwera, n'kuwerenga. Waya anali atalowa pamwamba pa chipupa, pamwamba penipeni pa khomo la katani yamaluwa.

Anatsika pang'onopang'ono.

"Kuseri kwa chipupachi," anatero.

"Ndi kuchipinda kwa amayi kumeneko."

"Ndikudziwa. Ndinakhoma ndekha."

Inu a m'tauni mwina mukuti, nanga osangolowa bwanji? Ayi, kuno sizitero. Chaka chatha analowa chifukwa anali waganyu. Tsopano wapereka chikole, a Nangozo ndi apongozi ake. Akakumana panjira amapatukirana, moni amapatsana atayang'ana kumbali. Ndiye kuchipinda? Ngakhale kulozako chala ndi mlandu. Nayenso Maness, chitherereni msinkhu, alangizi anamuuza kuti phazi lake lisadzapondenso kuchipinda kwa makolo. Awiri onse anaima pamaso pa katani ija ngati aima m'mphepete mwa mtsinje wodzaza.

"Ndiwauza bambo," Cedric anatero. "Akayang'ane okha. Mwina ndi msomali, mwina khoswe."

"Uyankhule bwino, Cedric. Chonde."

Anawapeza a Ndau m'shopu. Tsoka lake, Duncan analinso pompo, atatsamira chitseko ngati ndi lendi yake. Cedric ananjuta pansi, manja pamodzi.

"Bambo, vuto ndalipeza. Koma lili pamalo poti ine sindingafikepo."

"Pati? Kumwamba kwa Mulungu?"

"Ayi bambo. Kuchipinda... kuchipinda kwanu."

Sanamalize n'komwe, a Nangozo anali pakhomo, buku la nyimbo lili m'manja, azimayi anzawo awiri ali kumbuyo. Sanamuyang'ane Cedric. Anayankhula kwa amuna awo.

"A Ndau, mlendo wanuyu akuti chiyani? Akufuna chipinda changa?"

"Ayi mayi," Cedric anayankha, maso ali pansi. "Ndimati mwina bambo akanakayang'ana okha, kachipangizoka kakusonyeza kuti..."

"Mwamva, anzanga? Makina a masiku ano amaloza mpaka kuchipinda kwa apongozi." Azimayi aja anagwira pakamwa. "Musavutike, a Ndau, maso anu saona bwino. Ndikayang'ana ndekha."

Analowa. M'shopu munkangomveka malole akudutsa pamsewu. Patapita kanthawi anatuluka akupukuta m'manja.

"Waya ali bwinobwino, ngati tsiku lomwe anamukhoma. Palibe khoswe, palibe chiswe, palibe msomali."

A Ndau anaika manja kumbuyo. Chiperekereni chikole ankamuitana kuti a Cedric, koma tsiku limenelo ulemu unagwa.

"Iwe mnyamata. Ntchito yakulephera, ndiye ukunamizira chipinda changa? Pamaso pa anthu?"

"Bambo, ine sindi..."

"Tenga zitsulo zako. Ankhoswe ako uwauze asavutike Loweruka. M'nyumba muno usadzalowenso."

"Ababa!" Maness anakuwa. "Ndiye akonza bwanji asakulowa?"

"Amisiri alipo ambiri. Amene adzandibwezere intaneti ndi amene ndidzamumvere."

Duncan anatsokomola, n'kukonza kolala ya jekete lake.

Pofika madzulo, kwa ogulitsa tomato nkhani inali yakuti Cedric anapempha kulowa kuchipinda kwa apongozi. Pofika kuchigayo inali yakuti analowa. Mmene imafika kumpopi, ati anamupeza kunsi kwa bedi.

* * *

Lachisanu m'mawa kunacha ndi chiperoni chomwe chija. Maness ananamizira kukagula mapepala, n'kukamupeza Cedric pansi pa mtengo wa pa siteji, atakhala panjinga yake, chikwama chili kumsana.

"Ukupita kuti?"

"Ku Kasinje. Amalume anagula kale nkhuku, anachapitsa jekete. Nkhani yoti asabwere sindingawauze pafoni."

"Ndiye wangogonja basi?"

"Ndichite chiyani? Ndiboole denga?"

Maness anafunda chitenje mpaka kumutu. Madzi a mumtengo amawadonthera onse awiri.

"Kachipangizo kako kaja sikanganame?"

"Sikanama."

"Koma amayi anayang'ana."

Cedric anapukuta galasi la njinga ndi chala. Kenako anayankhula osamuyang'ana.

"Ndakhala ndikuganiza. Ndikafika ine, imayenda. Ndikachoka, imaima. Dzulo lokha ndi pamene ndinaipeza yakufa, ndipo dzulo m'nyumba munalibe munthu. Khoswe sadziwa kulira kwa njinga yanga, Maness."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Palibe."

"Ukuti amayi anga ndi abodza?"

"Sindinatero."

"Mwatero, a Cedric! Mwatero ndithu! Mayi amene akusoka diresi langa mpaka zala kutupa? Kodi mwina Duncan amanena zoona kuti ntchito simuidziwa!"

Mawu amenewo anangotuluka, ndipo iye mwini anawamva kuwawa asanafike n'komwe kwa mnzake. Cedric anagwedeza mutu ngati munthu wolandira chilango choti amachiyembekezera.

"Chabwino. Mwina sindiidziwa. Koma iwe ndimakudziwa, ndipo sindikufuna kukutaya chifukwa cha waya." Anapumira m'mwamba. "Ndidikira pompano mpaka masana. Bambo ako akasintha maganizo, unditumizire uthenga. Ukapanda kutumiza, ndinyamuka."

Maness anabwerera kushopu opanda mapepala, akulira m'chitenje. Ogulitsa tomato onse anamuona, ndipo aliyense anawonjezerapo yake.

* * *

Anapeza Duncan wafika kale. Jekete lija anali atalivula, koyamba chibwerereni ku Joni, n'kulikoleka pampando wa a Ndau. Anali ataima pakabokosi, akuzula waya uyu, kubwezera, kuuzira mpweya m'mabowo, kudina batani lililonse limene diso lake laona. Anthu anali atadzaza pakhomo kudzaonerera.

"Zimenezi n'zazing'ono, bambo," ankatero. "Ku Joni tinkakonza zikuluzikulu, za m'mahotela."

Timagetsi tinali zii.

Maness anadutsa n'kulowa m'nyumba. Kukhonde la kuseri makina osokera ankalira, kutanthauza kuti a Nangozo ali pantchito. Anaima pamaso pa katani yamaluwa ija. Mawu a Cedric amangobwerera m'mutu mwake: khoswe sadziwa kulira kwa njinga yanga. Anafuna kulowa kuti akatsimikize kuti mnyamatayo walakwa. Zoona, chimene ankafuna n'chimenecho, kuti akapeze khoswe wakufa kapena msomali wadzimbiri, n'kuthamangira ku siteji kukamuuza kuti waona, amayi anga si abodza.

Anavula masilipasi, n'kukankha katani.

M'chipindamo munali mdima ndi fungo la sopo wa mayi ake. Zaka zonsezi anali asanalowemo, koma palibe chinasintha, kupatula chithunzi cha Thokozile chimene kale chinali pabalaza. Kani anachisamutsira kumeneku, kumutu kwa bedi.

Anayatsa tochi ya foni n'kuyang'ana m'mwamba. Waya anadutsa pamwamba pa chipupa, koma pakona, kuseri kwa zitenje zokolekedwa pachingwe, anali atalendewera pang'ono. Pansi pake panali kampando kamatabwa. Kampando m'chipinda chogona, pakona, kakutani?

Anakwerapo. Anasuntha zitenje. Poyamba sanaone kanthu. Anayendetsa chala pawayayo, pang'onopang'ono, mpaka chinachake chinamubaya.

Inali singano ya pamanja, yolowetsedwa m'waya kuchokera kumbali ya chipupa, mpaka kutulukira mbali ina. Pachikopa cha wayayo panali timabowo tambirimbiri, posonyeza kuti yakhala ikulowa ndi kutuluka masiku ambiri. Ndipo kubowo la singanoyo kunali kaulusi kokokera, kobiriwira ngati masamba a mpiru.

Maness anauzindikira ulusiwo. Kenako anaganiza za Cedric ali pansi pa mtengo, akunyowa, akudikira. Anagwira kaulusi kaja n'kukoka.

Singano inatuluka mosavuta.

Sipanapite nthawi, kushopu kunabuka phokoso. Wina anaimba mluzu, wina nthungululu, anthu akuwomba m'manja.

"Yabwera! Yabwera!" anali mawu a a Ndau. "Taonani mmene ikuthamangira! Duncan, mwana wanga, wagwira pati? Wagwira pati iwe?"

"Ndinakuuzani bambo, n'zazing'ono!"

Maness anafuna kukuwa. Analumpha pakampando, n'kuthamangira kukhomo kuti akawauze onse kuti bodza, Duncan sanakonze kanthu, Cedric ananena zoona. Koma atakankha katani, anagundana ndi mayi ake. Makina aja anali atasiya kulira kalekale, iye osazindikira.

A Nangozo anayang'ana mapazi a mwana wawo, ali mbali yolakwika ya khomo. Anayang'ana singano ili m'dzanja lake. Sanakalipe, sanadzidzimuke n'komwe.

"Amayi," Maness anatero. "Chifukwa chiyani?"

"Ukudziwa."

"Mwamuchititsa manyazi pa Nsipe ponse! Anthu akuti anamupeza kunsi kwa bedi lanu!"

"Manyazi sapha munthu. Mtsinje umapha." Anasuzumira m'chipinda, kumene kunali chithunzi chija, n'kubweza maso. "Ndinapereka kale mwana mmodzi kuchigwa. Anandibwezera chitenje ndi mbale ziwiri."

"Ndikawauza ababa."

"Pita. Anthu adzaza m'shopumo, amva onse. Ukawauze kuti mayi ako ndi amene akhala akuthamangitsa makasitomala awo. Bambo ako umawadziwa, mawa lomwe ndikhala ndili pamsewu ndi katundu wanga. Ukawauzenso kuti singanoyo waipeza kuti, ndipo unalowako ndi phazi liti."

Maness anangoima, misozi ikutsika. Foni inanjenjemera m'dzanja lake lina, poti intaneti inali itabwera. Unali uthenga wa Cedric.

"Ndikumva nthungululu kushopu kwanu. Akuti yakonzeka. Ndinyamuke kapena ndisanyamuke?"

Pafoni ya Cedric timizere tiwiri tija ta uthenga tinasanduka tabuluu. Cedric anali ataona kuti wawerenga. Maness anaika chala pafoni, koma chala sichinayende.

"Maness!" a Ndau anaitana kuchokera kushopu, mawu ali mwaa ndi chisangalalo. "Uli kuti? Tenga kapu ija ya alendo, umubweretsere Duncan thobwa! Ndipo uwauze amayi ako kuti nkhuku ya Loweruka asaibweze m'khola. Duncan akuti amalume ake ali pafupi pompa pa Manjawira!"

A Nangozo anatambasula dzanja.

"Bweretsa singano yanga," anatero mofatsa. "Diresi lija silinathe. Likukwana chimodzimodzi, kaya mkamwini ndi uti."